Tiyi m'Mabuleki a Ababa

Mvula ikangokata masana, fungo la ku fakitale linkatsetsereka phiri n'kudzafika kukomboni kwathu. Linali fungo la tiyi amene akuuma pamoto, lotsekemera pang'ono, lowauka pang'ono, ndipo linkalowa m'zovala zoyanika ndi m'makope a kusukulu omwe. Pakhomo pathu pokha linkakumana ndi lina, la petulo ndi oilo wakuda, lochokera pansi pa mtengo wa mapeyala pamene ababa ankaimika galimoto yawo. Dothi la pamenepo linali litada ndi kulimba moti udzu unasiya kumera, ndipo nkhuku zinkapalambalala.

Tinkakhala mu mzere wachitatu kuchokera ku msewu, m'nyumba za esiteti zija zofanana zonse, za zipinda ziwiri ndi malata a dzimbiri. Kuseri kwa khitchini kunkayambira munda wa tiyi, wosalala pamwamba ngati wometedwa ndi lezala, ndipo unkakwera ndi kutsika zitunda mpaka kukathera pa mabulugama. M'dzinja masamba ankaphuka mosapumira, anthu n'kumalawirira ndi madengu kumsana, atamanga mapepala a pulasitiki m'chiuno kuti mame asawanyowetse. Ababa ankayendetsa thirakitala yotuta masambawo kupita nawo ku fakitale. Amayi nawo ankatchola tiyi, koma chaka chimenecho anali pakhomo, poti anali atangobereka kumene mlongo wanga Yamikani. Ine, Eneresi, ndinali ndi zaka khumi.

Mu mzere wathu wonse galimoto inali pathu pokha. Ababa anaigula kwa adokotala ena a pa kiliniki ya esiteti amene ankapuma pa ntchito, ndipo akuti adokotalawo anaipezanso itakalamba kale. Inali yoyera, kupatula chitseko chimodzi cha kumbuyo chobiriwira chimene chinachokera ku galimoto ina. M'mawa kukazizira sinkalira payokha, choncho anthu anaitcha Kankhani. Ababa dzinali sankafuna kulimva. Galimotoyo ndi imene inkawasiyanitsa ndi amuna ena a kukomboni, ndipo kunyada kwawo kwakukulu kunali koti chiigulireni sinapondeko kwa makanika. Loweruka akaweruka masana ankavula yunifolomu, n'kuyala thumba la feteleza, n'kulowa chagada pansi pake. Kunja kunkangotsala mapazi. Zinthu zikamayenda bwino ankaimba nyimbo za kwaya chapansipansi. Zikavuta ankailankhula galimotoyo m'Chilomwe, ndipo tonse tinkadziwa kuti imeneyo si nthawi yoyandikira.

Ababa sanali ngati azibambo ena amene tinkawamva m'mizere ina kumathero a mwezi. Mowa sankamwa, ndipo amayi sanawakwezerepo dzanja. Koma kwa ine dzanja lawolo linali lofulumira, makamaka pa zinthu za galimoto. Ankati chitsulo sichimva kupepesa, ukalakwitsa chimakupha, ndiye mwana aphunzire msanga. Tsiku lina ndinataya sipanala ya nambala teni mu udzu, ndipo zimene ndinaziona zinandichititsa kukhala pa benchi ya kusukulu mopendekera masiku atatu. Komabe ntchito ikakhalapo ankaitana ineyo, poti panalibe wina, ndiponso miyendo yanga inali itayamba kufika pa zopondera.

Kumayambiriro kwa Disembala makolo anga anagwirizana kuti pa Khirisimasi tidzapite kwawo kwa amayi, kupitirira Khonjeni pang'ono, kukaonetsa mwana kwa amalume ndi abale onse. Sabata yomweyo ababa anapeza kuti tayala lina la kumbuyo lanyowa chamkati, kusonyeza kuti mabuleki akudontha. Anatuma mnzawo woyendetsa lole kuti akawagulire timipira tatsopano ku Limbe pamodzi ndi botolo la mafuta a mabuleki. Zinafika Lachisanu madzulo. Ababa anatsegula botololo, n'kudonthezera pang'ono pa chala kuti ndione. Mafutawo anali ofiirira mopepuka, owala, oterera.

"Eneresi, umvetse bwino," anatero. "Mafuta awa mdani wake ndi madzi. Mukalowa madzi, pamalo osalala suzindikira kanthu. Koma pa mtsetse wautali mabuleki amatentha, madzi aja amawira, phazi limangolowa mpaka pansi. Pamenepo ndiye kwatha."

Anatseka botololo, analiika pamwamba pa kabati, n'kunena kuti mawa akaweruka tidzagwira ntchito.

M'mawa mwake amayi anabereka Yamikani kupita kukazonda mnzawo wodwala mu mzere wa kumtunda. Atangochoka, mvula inagwa yamphamvu, ya mphepo, ndipo denga linayamba kudontha pamwamba penipeni pa kabati. Madontho ankagwera pambali pa botolo lija n'kumalithovukira. Ndinakumbukira mawu a ababa, ndipo ndinakoka mpando kuti ndilipulumutse. Sindinadziwe kuti chivindikiro chinali chongokhazikapo, chosamanga bwino. Botolo linali loterera, manja anga anali onyowa, ndipo potsika pa mpando linandipulumuka. Pamene ndinkalidzutsa n'kuti pafupifupi theka litakhuthukira pa simenti.

Ndinaima pamenepo botolo lili m'manja. Mafutawo anadya polishi wofiira amene amayi ankapaka pansi, n'kusiya chibanga chotuwa chachikulu ngati mbale. Ndinapukuta ndi chisanza, chisanzacho ndinakachiponya m'chimbudzi, pa chibangapo ndinakokerapo ndowa ya ufa. Koma botolo linali lopepuka, ndipo ababa akanalidziwa pongolinyamula. Mafuta ena sakanapezeka pafupi. Ndinaganiza za sipanala ija, n'kuona kuti iyo inali nkhani yaing'ono.

Pa mbaula panali ketulo ya tiyi wotsala m'mawa, wopanda shuga, atazizira kale. Amayi ankaphika masamba amodzimodzi kawiri, choncho tiyi wa tsikulo anali wosakolera. Ndinathira pang'ono m'sosala, n'kudonthezera mafuta aja m'sosala ina, n'kupita nazo pakhomo pamene panali kuwala. Zinali zofanana ngati mapasa. M'mutu mwanga munabwera ganizo limene panthawiyo ndinaliona ngati lanzeru kwambiri: ababa anati madzi, tiyi sanamutchule. Ndinasefa tiyiyo pa kansalu koyera kuti musalowe masamba, ndinadzaza botolo mpaka pamene linalekezera, ndinakhutchumula, n'kumanga chivindikiro mwamphamvu.

Masana kunacha. Ababa anakweza galimoto pa jeke, anaika zitsa pansi pake, anachotsa tayala, n'kusintha timipira tija. Kenako anakhetsa mafuta onse akale, akuda ngati msuzi wa nyemba, n'kuthira atsopano m'kathanki ka pansi pa boneti. Ndinayang'ana akuthira. Sanaone kanthu. Anandiuza kuti ndikhale pa mpando wa dalaivala, iwo n'kulowa pansi kuti atulutse mpweya m'mapaipi, tayala ndi tayala. Mawu awo ankatuluka pansi pa galimoto ngati ochokera m'chitsime: ponda, pondanso, gwira pomwepo, siya. Ndinapopa mpaka ntchafu inawawa. Pa tayala lachinayi chopondera chinalimba gwa, ngati ndaponda mwala.

Ababa anatuluka, anadzipukuta m'manja, anayesa okha ndi phazi lawo. Kenako anachita chinthu chimene sankachita kawirikawiri. Anandigwira pamutu ndi dzanja lawo lonunkha oilo n'kunena kuti mwendo wanga ndi wa dalaivala. Madzulo amenewo anandigulira mandasi awiri, ndipo ndinadya ndi mtima woyera, ndikuganiza kuti nkhani yatha.

Lamlungu m'mawa ndinali kukhitchini kukupiza moto pamene amayi anatunga madzi m'ndowa ndi kapu n'kuthira m'ketulo. Ndinali nditaziona zimenezi tsiku lililonse la moyo wanga, koma tsikulo ndinaziona ngati koyamba. Madzi anayamba kulira, kenako kubwata, chivindikiro n'kumadumpha, nthunzi ikutuluka pa mlomo wa ketulo. Amayi anaponyamo masamba. Ndinawafunsa ngati tiyi ndi madzi. Anaseka n'kunena kuti nanga n'chiyani, ndi madzi ovala malaya basi. Ndinatuluka panja. Galimoto inali pansi pa mpeyala, mame ali mbuu pa magalasi, ndipo ndinazindikira kuti m'mabuleki ake ndinathira madzi.

Kuchokera tsiku limenelo mpaka Khirisimasi panali masabata atatu, ndipo ndimawakumbukira kuposa zaka zina zathunthu. Inali nyengo imene ana onse a kukomboni ankaikonda. Sukulu zinali zitatsekera, mango anali mbwee, ngumbi zinkatuluka mvula ikagwa madzulo, ndipo anzanga ankathamanga ndi mabeseni kupita ku chulu cha kuseri kwa tchalitchi. Ine ndinkapita nawo, koma khutu langa linkatsala pa galimoto. Ababa akailiza kupita kumsika kapena ku pulakatisi ya kwaya, ndinkaima pa msewu mpaka phokoso lake lizimiririke, kenako n'kumawerenga mumtima zitunda za njira imene adzere. Akabwerera bwinobwino ndinkapuma, koma osati mokwanira. Misewu ya mu esiteti inali ya mitsetse yaifupi. Umene ndinkauopa ndinkaudziwa.

Njira ya ku Khonjeni ndinali nditaidutsapo kangapo. Minda ya tiyi ikatha, msewu umayamba kutsika, ndipo sulekeza msanga. Umakhota n'kukhotanso, mbali ina kuli chipupa cha dothi lofiira, mbali ina kuli phompho la nthochi ndi nsungwi, pansi pake mtsinje ukumveka koma osaoneka. Kumapeto kwenikweni kunali kamlatho kopapatiza kopanda zotchinga. Ababa anali ndi chizolowezi choti akafika pamwamba pa mtsetsewo ankachotsa giya kuti asunge petulo, galimoto n'kumatsika yokha, iwo akungoigwira ndi mabuleki.

Kunena ndinkafuna. Tsiku lina amayi akusambitsa Yamikani pakhonde ndinagwada pambali pawo nditagwira sopo, mawu ali pa nsonga ya lilime. Koma amayi sankawabisira kanthu ababa, ndipo ndinadziwa kuti ndikauza iwo, dzuwa silidzalowa nkhani isanafike. Ndinangowapatsa sopoyo. Tsiku lina ndinatsatira ababa mpaka pa mpope pamene ankasamba m'manja. Anatembenuka n'kundifunsa chimene ndikufuna, nkhope ili yotopa, ndipo ndinati ndimafuna kutunga madzi, ngakhale ndinalibe ndowa. Tsiku lililonse limene ndinkachedwa, mlanduwo unkakula. Poyamba unali wotaya mafuta. Kenako unakhala wothira tiyi. Kenako wolandira mandasi. Kenako wokhala chete sabata yathunthu, ndiye masabata awiri.

Ndinayesa njira zanga. Masana ena ababa ali kuntchito ndinafuna kutsegula boneti kuti nditaye mafutawo, aziganiza kuti adontha okha, koma kachitsulo kake kanali ndi kakhalidwe kodziwa ababa okha, ndipo ndinangothyola chikhadabo. Kenako ndinaba kiyi pa msomali n'kukamukwirira m'thumba la chimanga. Ababa anafunafuna, anagwedeza nyumba yonse, ndipo pomaliza anatembenukira amayi, amvekere ndi amayiwo amene amasuntha zinthu posesa. Amayi anayankha, mawu anakwera, Yamikani analira, anthu a nyumba yoyandikana anatuluka kudzamvetsera. Ndinali ndisanawaonepo makolo anga akukangana chotero. Ndipo zonsezo zinapita pachabe, chifukwa ababa anangolumikiza mawaya awiri pansi pa chiwongolero, galimoto n'kulira. M'mawa mwake kiyi uja ndinamuponya m'gambuti yawo. Anamupeza povala, anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo anapita kuntchito osawapepesa amayi.

Kutatsala masiku awiri ndinadwala dala. Ndinagona pa mphasa nditafunda bulangete, n'kumati mutu ukuwawa, m'mimba mukupota. Sikunali kunama kwenikweni, chifukwa chakudya chinali chitasiya kulowa, ndipo amayi anali atayamba kale kundiyang'ana m'maso kuona ngati ndili ndi malungo. Ndinkaganiza kuti mwana akadwala ulendo umalephereka. Koma ndinawamva akukambirana pakhonde kuti amalume anapha kale mbuzi m'maganizo, anthu akudikira, ndiye ngati sindichira nditsale ndi mayi a nyumba yoyandikana mpaka adzabwere. Ndinaona m'maso mwanga galimoto ikuchoka, amayi ali kutsogolo ndi mwana pamiyendo, ine nditaima pakhomo pa eni. Madzulo omwewo ndinadzuka, ndinadya, n'kunena kuti ndachira. Ndinaganiza kuti ngati zichitike, zichitike ndili momwemo. Ndinadziuzanso kuti ndidzanena tili m'njira, tisanafike pa mtsetse, poti ababa sangamenye munthu manja ali pa chiwongolero.

Tinanyamuka m'mawa wa tsiku loti mawa ndi Khirisimasi. Kunali dzuwa lowala la pambuyo pa mvula, ndipo minda inkatuluka nthunzi. Kumbuyo tinalongedza mpunga, mapaketi a tiyi a abale, zinanazi, ndi tambala womangidwa miyendo amene anaikidwa pansi pa mapazi anga. Amayi anavala chitenje chatsopano, Yamikani ali m'shawelo yoyera. Galimoto inalira kamodzi kokha popanda wokankha, ndipo ababa anayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati anthu aona. Ankaimba. Tinadutsa otchola tiyi ataweramira m'mizere, tinadutsa shedi yoyezera masamba, tinadutsa mabulugama. Ndinati ndinena tikadutsa mlatho woyamba. Tinadutsa. Ndinati ndinena tikafika pa sukulu. Tinafika, n'kudutsanso.

Kenako tiyi anatha, kutsogolo kunatseguka, ndipo ndinaona chigwa chonse chili m'munsi, madenga a malata akunyezimira kutali. Dzanja la ababa linapita pa giya n'kuichotsa. Injini inatsitsa mawu. Kunangotsala phokoso la matayala pa miyala ndi mphepo yolowa pa windo.

Pokhota poyamba mabuleki anagwira. Pachiwiri anagwiranso, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina Mulungu wandimvera, mwina tiyi wosakolera alibe mphamvu. Ndinali nditakhala kutsogolo kwa mpando, chibwano chili pafupi ndi phewa la ababa, maso ali pa phazi lawo. Patapita kanthawi munayamba kumveka fungo la chinthu chowauka, ndipo amayi anafunsa ngati pali amene akuotcha zinyalala. Ababa anasiya kuimba. Ndinaona phazi lawo likuponda, n'kudzuka, n'kupondanso, n'kudzukanso msangamsanga. Munthu wina sakanadziwa tanthauzo lake, koma ine ndinali nditapopa chopondera chimenecho ndi mwendo wanga. Kachitatu phazi linalowa mpaka pansi popanda chokana.

"Ababa, muli tiyi!" Mawu anatuluka okha, aakulu kuposa ine. "M'mabuleki muli tiyi, ndinathira ndine!"

Sanatembenuke. Ndikukhulupirira kuti anamva, chifukwa kupopa anasiya nthawi yomweyo, osatayanso mphindi pa chinthu choti chafa. Anaponda kilatchi n'kukankha giya, zitsulo zinakukutana, inakana, anakankhanso, inalowa. Injini inakuwa ngati nkhumba yogwidwa, tonse tinagwera kutsogolo, tambala anakupiza mapiko pa miyendo yanga. Anakoka handibuleki pang'onopang'ono, matayala a kumbuyo n'kumakhwekhwereza pa miyala. Liwiro linachepa, koma osati mokwanira, ndipo kutsogolo kunali kukhota komaliza, kuseri kwake kamlatho kaja. Phompho linali mbali ya amayi. Chipupa cha dothi chinali mbali ya ababa, kutsidya kwa msewu. Anati kwa amayi, mawu ali pansi, agwire mwana. Kenako anawoloka msewu, wa kabaza wina amene ankakankha njinga yake chokwera analumphira m'ngalande, ndipo ababa anakhuzitsa mbali yawo ya galimoto ku chipupacho.

Phokoso lake sindingalifanizire ndi china. Galasi loonera kumbuyo linathothoka, windo la ababa linasweka, dothi lofiira ndi mizu zinakhuthukira mkati. Galimoto inakwekwesa chipupacho mtunda wautali ngati kuchokera kwathu kufika pa mpope, ikunjenjemera yonse, mpaka inatsamwa n'kuima. Kunangoti zii. Kenako Yamikani analira, ndipo amayi anayamba kumufunyulula m'shawelo, kumugwira mutu, manja, miyendo, milomo yawo ikuyenda popanda mawu.

Ababa anachotsa manja pa chiwongolero. Pa mkono wawo wa kumanja pankatsika magazi osakanikirana ndi dothi. Chitseko chawo chinali chitakanirira ku chipupa, choncho anadikira amayi atuluke, n'kutulukira mbali imeneyo. Anatola miyala n'kutsekera matayala onse anayi. Anatsegula boneti, anatsegula kathanki kaja, anaviika chala, ananunkhiza, n'kulawa pang'ono pa lilime. Ine ndinali nditaima pakati pa msewu, diresi langa la Khirisimasi litanyowa kutsogolo, poti mkodzo unali utandipulumuka osadziwa. Anandiitana ndi dzanja. Ndinapita nditaika kale mikono kumutu.

"Unathira liti?"

"Tsiku lomwe tinkapopa lija. Botolo linagwa."

"Ndiye masabata atatu onsewa wakhala ukudziwa?"

Ndinavomera ndi mutu. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana mikono yanga imene inali idakali m'mwamba kuteteza mutu. Anafunsanso ngati kiyi uja ndinabisa ndine, ndiponso ngati matenda aja anali omwewa, ndipo zonse ndinavomera. Ndinadikira. Koma ababa anangotembenuka, anapita kukakhala pa mwala m'mbali mwa msewu, n'kumayang'ana pansi pakati pa mapazi awo.

Anthu anayamba kufika, ochokera m'minda ndi makasu, amayi osenza nthochi, wa kabaza uja akutsimphina ndi kukalipa. Anazungulira galimoto, ena n'kumaloza kamlatho kamene kankaonekera pa kukhota, n'kumagwedeza mitu. Bambo wina wachikulire anafunsa chimene chachitika. Ine ndinabisala kuseri kwa amayi, ndikudziwa kuti tsopano mudzi wonse umva. Ababa anaimirira, anapepesa wa kabaza uja, ndipo anayankha kuti mabuleki anakonza okha, ndipo mafuta amene anathiramo sanali abwino. Anati olakwa ndi iwo. Wina anati ndi zimene zimachitika munthu akamakana amakanika. Ababa anangotseka boneti. Amayi anandifinya dzanja mwamphamvu, ndipo ndinadziwa kuti akundiuza kuti nditseke pakamwa.

Ife tinapitiriza ulendo pa kabaza, ababa anatsala ndi galimoto. Anthu anawathandiza kuikankhira pa bwalo la nyumba ina yapafupi, ndipo iwo anafika kwa amalume madzulo, wapansi, mkono atamanga ndi mpango. Khirisimasi imeneyo kunali mpunga, nyama ya mbuzi ndi thobwa, Yamikani ankapita m'manja ndi m'manja, koma ine ndinkangoyang'ana kumene kuli ababa. Ndinkati akudikira alendo achoke. Alendo anachoka. Ndinati akudikira tibwerere kwathu, asandimenyere kwa eni. Patapita masiku atatu anabwera ndi botolo latsopano kuchokera ku boma, anatsuka mapaipi onse, ndipo tinabwerera kukomboni pang'onopang'ono, galimoto ili yophwanyika mbali imodzi ngati chitini chopondedwa. Ndinadikira tsiku limenelo, ndi mawa lake, ndi Januwale yense.

Nkhani inali itatsogola kale. Amuna a kukomboni anaiseka mpaka mvula inatha. Ababa akamadutsa pa thirakitala, ena ankawakuwira kuti amakanika, mabuleki alipo lero? Kwa munthu amene ulemu wake wonse unali pansi pa boneti ija, chimenecho chinali chitonzo chowawa, ndipo mawu amodzi okha akanachithetsa. Sanawanene. Anawongola chitseko ndi hamala ndi chipika, pa windo anaikapo pulasitiki mpaka atapeza galasi, ndipo galimotoyo inayendabe zaka zina zinayi. Pa mtsetse sanachotsenso giya. Sindinganene kuti anasanduka munthu wina, kukalipa ankakalipabe mpaka nyumba yoyandikana kumva. Koma dzanja lawo silinandikhudzenso, ndipo Yamikani wakula osalidziwa.

Panthawiyo ndinkaganiza kuti ndamvetsa. Ndinkati ababa ananamiza anthu aja chifukwa cha manyazi, kuti asadziwike kuti anabereka mwana woipa chotero. Ndinkatinso anasiya kundimenya chifukwa anataya mtima, poti munthu amamenya mwana amene akuyembekeza kuti awongoka. Maganizo amenewo ndinakula nawo, ndipo ndinkayesetsa kukhoza kusukulu ngati munthu amene akupepesa.

Zoona zake ndinazimva ababa atamwalira kale, pamene amayi anabwera kudzandithandiza nditabereka mwana wanga woyamba. Tikusenda mbatata pakhonde, ndinaikumbutsa nkhaniyi moseka, monga timachitira ndi zinthu zimene zinatiwawa kalekale. Amayi sanaseke. Anati tsiku lija ababa atafika kwa amalume anawaitanira kuseri kwa nkhokwe, ndipo kumeneko analira, kamodzi kokha m'banja lawo lonse. Amayi anaganiza kuti akulirira galimoto kapena ngozi imene tinaipulumuka, n'kuyamba kuwatonthoza. Koma ababa anati ayi. Anati mwanayu anadziwa kuti tikagwera m'phompho, ndipo analowabe m'galimoto, chifukwa kwa iye phompho linali lopepukirapo kuposa kuwauza bambo ake kuti wagwetsa botolo.

Ndinasiya mpeni m'beseni. Zaka zonsezo ndinkakhulupirira kuti pa msewu paja, pamaso pa anthu aja, ababa ananama kuti andibise. Iwo sankadziona kuti akunama. Anafunsidwa kuti wolakwa ndani, ndipo anayankha monga anaonera.